Mbawa ya Kudimba

Enock Mbewe anali munthu wa kwa Maganga, wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda kuyankhula akagwira ntchito. Anthu ankamudziwa ndi mitondo. M'zaka zoyambirira dziko litangolandira ufulu, mkazi aliyense wolowa m'banja chakumeneko ankasinjira mu mtondo wosema iye, ndipo mtondowo unkakalamba limodzi ndi mwini wake. Ankasemanso misi, mipini, mithiko, zipande ndi nkhafi za asodzi. Pa chaka ankagwetsa mitengo yowerengeka chabe, poti wogula mtondo sabweranso mpaka ana ake atakula. Ambiri ankamulipira dengu la mpunga kapena nkhuku. Sanali wolemera, koma pakhomo pake sipankagonedwa ndi njala.

Mkazi wake anali Molly, amene anamutenga chitengwa kuchokera ku Chitala. Analinso ndi mng'ono wake, Lenard, wamtali, wansangala, msodzi weniweni. Chaka chilichonse mvula ikatha, chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa kwa asodzi, Lenard ankasiya mkazi wake Gladys ndi ana, n'kupalasa bwato lake kukapha utaka. Ankabwera pakati pa nyengo ndi matumba a nsomba zouma, n'kugawirako banja la mkulu wake.

Abale awiriwa mayi awo anawasiyira dimba m'mphepete mwa kamtsinje kothira m'nyanja. Pagombe pa dimbalo panali mbawa yaikulu, yowongoka, yopanda mphanda mpaka m'mwamba. Anagwirizana kalekale kuti bwato la Lenard likadzatha, lina lidzachokera m'mbawa imeneyo, ndipo wosema adzakhala Enock. Nkhaniyi sinkabwerezedwa kawirikawiri chifukwa panalibe wokayika.

Zinthu zinayamba kutembenuka likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe. Loweruka lililonse magalimoto ankatsika kunyanja ku Senga, mutadzaza azungu, amwenye ndi mabwana a m'boma. Tsiku lina Enock ali pamsika wa Salima, ataonetsa khadi la chipani kwa ayufi pachipata n'kuyala katundu wake, panaima bambo wina wovala bwino, dzina lake Lawson, wamalonda wochokera ku Blantyre. Anatola chipande china chakuda n'kuchitembenuzatembenuza.

"Mtengo uwu ndi phingo?"

"Ndi phingo, bambo."

"Ulipo wambiri kwanuko?"

"Uli mbwee m'tchire monse. Timangoupewa chifukwa umabunthitsa nkhwangwa."

Lawson anapisa m'thumba n'kutulutsa kanjovu kosema, kakuda bii, konyezimira.

"Alendo akunyanja aja akaona chakuda chonchi sanenerera. Mungaseme chotere, a Mbewe?"

Enock anati akayesa. Njovu yake yoyamba inatuluka ngati nguluwe, moti Molly anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma dzanja la mmisiri silichedwa kuzolowera. Pomwe mvula inkayamba n'kuti akusema njovu, mvuu, ng'ona ndi mitu ya anthu, ndipo kanjovu kamodzi kankamupatsa zoposa mitondo ingapo. Zaka zimenezo zinali zokoma, sitinganame. Nyumba anaifolera malata, anagula njinga ndi wailesi, ana anayamba kupita kutchalitchi atavala nsapato. Amayi obwera kudzafuna mitondo ankawauza kuti abwere mwezi wamawa, mwezi wamawawo osafika.

Ogula ankafuna chakuda chokhachokha. Phingo kunja ndi woyera, wakuda ndi mtima wake wokha, choncho pofuna kanjovu kokwana m'manja, theka la chipika linkathera pansi ngati zipalapala. Komanso mlendo sankagula chimodzi. Ankafuna njovu yaikulu ndi ana ake otsatana kukula, zina za mlongo wake, zina za anzake akuntchito. Amuna ambiri a m'mudzimo ataona malata a Enock anataya makasu n'kugula akasemasema, ndipo m'mbali mwa msewu wa ku Senga munamera timisasa ta ziboliboli. Mitengo ikuluikulu itatha anatembenukira kwa ing'onoing'ono, yonenepa ngati mkono, poti akazi a alendo anali atayamba kukonda zibangili. Kenaka anayamba kukumba ndi zitsa zomwe.

Poyamba Enock ankapeza phingo n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Pambuyo pake ankapalasa njinga mpaka mbali za ku Chitala n'kugona konko kwa apongozi ake. Potsiriza ankachita kugula kwa anthu obwera nawo mobisa pansi pa matumba a chimanga, kuzemba alonda a nkhalango.

Sanali osema okha odula. Owamba nsomba ankagwetsa mitengo chifukwa anthu a m'tauni ankafuna chambo chofiira bwino ndi utsi. Otentha makala nawonso ankadzaza malole opita ku Lilongwe. Aliyense ankaloza mnzake chala. Molly, amene kale ankatola nkhuni kuseri kwa nyumba, tsopano ankalawirira n'kubwera dzuwa lili paliwombo, atasenza timitengo tonga zala.

"Bambo a Maria," anatero tsiku lina akutula kamtoloko, "tchire lija latha. Panopa munthu ukaima pachulu paja ukuona nyanja."

"Mitengo imera ina," anayankha Enock osadzutsa mutu.

"Phingo amene munadula chaka chomwe Maria anabadwa, waphuka?"

Enock anangopitiriza kupala chiboliboli chake.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Lawson anabwera ndi nkhani ina. Anati njovu anthu atopa nazo, nyumba iliyonse ili nazo kale. Chimene chinali m'fasho tsopano chinali mipando ya mafumu yojambula nyama kumsana, ndi matebulo a thabwa limodzi losalumikiza. Zimenezi sizituluka mu phingo. Zimafuna mbawa ndi mlombwa, mitengo yakale ya m'mphepete mwa mitsinje. Mwa zaka zochepa macheka anayenda m'mitsinje yonse ya chakumeneko, ndipo mbawa ya kudimba kwa Enock inatsala yokha, yooneka kutali.

Nthawi imeneyo n'kuti bwato la Lenard litakalamba. Linali ndi zigamba za malata ndi phula paliponse. Asananyamuke kupita ku Mbenji chaka chimenecho, anafika pamsasa pomwe mkulu wake ankasemera.

"Achimwene, bwato lija latha. Ndikumapalasa pang'ono, kukapa madzi pang'ono. Bwanji tigwetse mbawa ija?"

"Wanena mochedwa. Ndili ndi ntchito ya a Lawson yoti ndimalize. Likupirire nyengo ino yokha, ukabwerako tidzayamba."

"Chaka chatha munanenanso chimodzimodzi."

"Mtengo suthawa, Lenard."

Lenard anaseka, n'kunyamuka.

Lenard atachoka, Lawson anaiona mbawa ija. Anati kuli bwana wina amene akumanga nyumba ku Lilongwe, ndipo akufuna tebulo lodyera lalitali la thabwa limodzi ndi mipando yake. Enock anakana, nati mtengowo uli ndi mwini. Lawson sanakangane naye. Anangoti amisiri ndi ambiri masiku ano, ndipo iye amakonda kugwira ntchito ndi munthu amene amamuthandiza pa nthawi yovuta. Anabweranso kachiwiri, Enock anakananso, koma mawu ake anali atayamba kufewa.

M'mawa wina popita kukathirira mpiru, Enock anapeza patsinde pa mbawa pali bala la nkhwangwa, lakuya ngati chikhatho, utomoni ukuchucha. Akuba anali ataiyamba, mwina anadzidzimutsidwa ndi agalu. Enock anakhala pansi n'kumaliyang'ana balalo. Anaganiza kuti mtengowo wapita kale, kaya iye afune kaya asafune. Akuba akautenga, iye ndi mng'ono wake atsala manja lende. Koma akaucheka iye, adzamugulira Lenard boti la matabwa, mwina ndi injini yomwe. Pofika kunyumba n'kuti maganizowo atamukomera.

"Dikirani abwere alamu," anatero Molly. "Kapena tumizani mawu ku Chikombe kokwerera maboti a ku Mbenji, amalonda a nsomba amapita kumeneko tsiku ndi tsiku."

"Pofika mawuwo mtengo udzakhala uli pa lole ya wina."

"Ndiye kagoneni kudimbako muziulondera."

"Mpaka liti?"

Anaitana ocheka matabwa. Mbawa inagwa chopingasa mtsinje, n'kuphwanya nthochi za tsidya lina, ndipo kugwa kwake kunamveka mudzi wonse. Enock anasema tebulo lokongola kuposa chilichonse chimene anasemapo. Koma Lawson anachotsera za ocheka, za lole ndi za anthu oti atseke maso panjira, moti chotsala sichikanagula ngakhale theka la boti.

Lenard anabwera pakati pa nyengo ndi matumba ake a utaka. Njira yochokera kudooko imadutsa kudimba, choncho chitsa anachiona asanafike pakhomo. Anapeza mkulu wake akupaka polishi mpando.

"Mwadula."

"Akuba anali atauyamba kale. Ukanaona bala lake."

"Mukanandiuza."

"Ndikugulira boti la matabwa. Ungondipatsa nthawi."

"Matabwa ake a mtengo uti, achimwene?"

Lenard anatsitsa thumba limodzi la utaka pakhonde monga mwa masiku onse, anapereka moni kwa Molly, n'kumapita kwawo. Sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo kusatchulako kunamupweteka Enock kuposa mwano.

Miyezi yotsatira Enock anayenda ponseponse kufuna mtengo wa bwato. Konse ankangopeza zitsa. Potsiriza anagula mango wakale wa pabwinja lina. Unali wokhota, wa mfundo zambiri, koma anausema ndi luso lake lonse, mpaka manja anatuluka matuza ngati wophunzira kumene. Bwato linatuluka lopapatiza ndi lolemera. Lenard analiyendera mbali zonse, analigogoda ndi nkhonya, n'kunena kuti, "Liyenda." Sanathokoze, sanadandaulenso.

Linayendadi nyengo imodzi. Nyengo yachiwiri linayamba mng'alu pa mfundo ina ya pansi, Lenard n'kumata phula. M'mwezi wa Julaye, m'mawa wina, ankachokera ku Mbenji kupita ku Chikombe ndi mnzake, bwato litadzaza nsomba. Mphepo ya mwera inawapeza pakati pa nyanja. Mnzakeyo, amene anapulumuka atakakamira chigubu mpaka boti lina linamutola, anasimba kuti funde lina litamenya, bwato linangotseguka pansi ngati dzungu. Lenard anasambira nthawi yaitali, kenaka sanaonekenso. Mtembo wake unapezeka patapita masiku, utakocheza m'mabango.

Anthu anayesa kumutonthoza Enock. Anati mwera wa chaka chimenecho unamiza ndi maboti a injini omwe, ndipo imfa ya panyanja ilibe mwini. Iye ankangogwedeza mutu. Bokosi linafunika msanga chifukwa mtembo unali utakhalitsa m'madzi, koma matabwa m'mudzimo munalibe. Enock anakwawira pansi pa nkhokwe n'kutulutsa zidutswa zotsala za mbawa ija, zimene ankasunga kuti adzasemere timipando. Zinali zazifupi, anachita kuzilumikiza. Molly anazizindikira, anaima pang'ono akumuyang'ana mwamuna wake akukhoma misomali, n'kubwerera m'nyumba ya maliro.

Gladys sanamunene mlamu wake pamaso pa anthu, ngakhale kumbali. Kumeta kutachitika, abale atamusudzula, anamanga katundu wake.

"Alamu, ana awa ndikawalerera kwathu."

"Mukanakhala, mlamu. Dimba lija ndi lawonso."

"Ndaliona dimbalo. Tsalani bwino."

Ankanena zoona. Gombe lopanda mitengo linali litayamba kale kugumuka. Mvula ya chaka chimenecho mtsinje unasefukira, unadya mbali yaikulu ya dimba, ndipo potsalapo unathirapo mchenga wofika m'mawondo. Pamene kale pankamera mpiru ndi mpunga panayamba kumera minga.

Lawson naye anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu. Zinamveka kuti wapeza amisiri ena kumadera kumene mitengo inali ikadalipo. Enock anatsala ndi kamsasa kake ka pamsewu. Posowa phingo, anayamba kusema mitengo yofewa n'kumaidetsa ndi polishi wa nsapato monga ankachitira anzake. Alendo ena ankakanda ndi chikhadabo, choyera chikaonekera n'kuponya chibolibolicho pansi. Ena sankasamala, bola chikhale chotchipa. Awa ndi amene ankamuwawa kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti chinthucho chikang'aluka mwezi usanathe adzachitaya n'kugula china. Fumbi la zaka zonse zija linali litamukhala m'chifuwa, ankatsokomola kosalekeza, maso nawo anayamba kuchita chifunga. Tsiku lina anadzitema chala ndi kasemasema, chinthu chimene sichinamuchitikirepo chiyambire. Chilonda chitapola sanabwererenso pamsewu.

Mpingo unamupezera ntchito yosesa ndi kuthirira maluwa panyumba ya kunyanja ya bwana wina wa ku Lilongwe. Eni ake ankabwera kamodzi pa mwezi. Ulendo wina mkazi wa bwanayo anabwera ndi mipando yoyera ya pulasitiki, yatsopano, n'kulamula kuti mipando yosema imene inali pakhonde ichotsedwe. Inali ya mlombwa. Enock anazindikira dzanja la mmisiri wina wa m'mudzi mwawo amene anali atamwalira kale. Dzuwa linali litaing'alula pang'ono kumsana, basi.

"Madala, muiwaze imeneyi. Madzulo ano tikuotcha nyama ndipo makala sitinagule."

"Mayi, mipando iyi ikhoza kukonzeka. Ndi guluu pang'ono chabe."

"Ndi yachikale, komanso ndi yolemera. Tatopa nayo."

Sanali mayi wankhanza. Ankamupatsa Enock shuga ndi malaya akale a mwamuna wake, ndipo ponena zimenezi ankamwetulira. Enock anatenga nkhwangwa. Mlombwa wouma umawazika bwino, ndipo fungo lake linamukumbutsa masiku amene ankalowa m'tchire n'kumasankha mtengo mosafulumira. Nyama itapsa panatsala zidutswa zambiri, mayi aja anati atenge. Anazimanga panjinga, Molly anaphikira sabata yonse, nkhope za mikango ndi mbawala zikupsa pansi pa mphika.

Chilala cha 1992 chinawapeza alibe dimba, alibe nkhokwe. Njinga inagulitsidwa, wailesi inatsatira, kenaka malata anayamba kutsika padenga limodzilimodzi. Maria, mwana wawo woyamba, anali pabanja ku Nkhotakota ndipo ankatumiza chimene akanatha. Chifuwa cha Enock chinakula m'miyezi ya njala. Ankakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, mbali yopanda dzuwa, akumuona Molly akusonkha moto ndi mapesi. Nthawi zina ankafunsa ngati kwa Gladys kwamveka uthenga uliwonse, ngati ana a Lenard akupita kusukulu. Molly ankamuyankha kuti ali bwino, ngakhale naye sankadziwa.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, anthu ali kakasi kufuna mbewu yobzala. Pamaliro pake panali anthu ochepa, poti ambiri analibe mphamvu zoyendera. Amayi ophika anasowa nkhuni, anachita kutolera zitsononkho ndi mapesi onyowa m'makomo mwa anthu, utsi n'kudzaza bwalo lonse. Nyemba zinakana kupsa.

Dzuwa litakwera, mwambo wa mapemphero uli pafupi kuyamba, panjira panatulukira mayi wina woonda, wa imvi, atasenza mtolo wa nkhuni. Anali Gladys. Uthenga unamupeza dzulo lake, ndipo anayenda wapansi kuchokera kwawo chifukwa analibe ya basi. Anatula nkhunizo pamene amayi ankaphikira, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kulowa m'nyumba. Molly anamusunthira malo pamphasa. Anakhala moyandikana, mapewa atagundana, mpaka amuna analowa kudzanyamula bokosi.